Mbali Yachiwiri ya Lezala

Lachinayi lapitali ndinawoloka malire kupita ku Limbuli, ku Malawi, kukapikula katundu wa pa okala yanga, ndipo dzanja langa linandichititsa manyazi. Nditasankha sopo, machesi, mchere ndi ulusi, ndinangozindikira kuti ndanyamula kale paketi ya malezala aja okhala ndi manambala, ndikuitembenuza uku ndi uku kuona ngati yalowa chinyontho. Mwini sitolo, amene wandigulitsa katundu zaka zambiri, anaseka n'kufunsa kuti, "Madala anu aja akadali ovuta?" Ndinamuuza kuti anasiya kuvuta chaka chatha, mwezi ngati uno. Anapepesa. Ndinaibweza paketiyo pa shelefu, ndinayenda mpaka pakhomo, n'kubwereranso kukaitenga. Ili pa okala panopa, pakati pa singano ndi mabatire, ndipo ndikudziwa kuti palibe adzaigule.

Madala ovutawo anali atsibweni anga a Firimino, alongo awo a mayi anga. Anali munthu wamtali, wowonda, wosalankhulalankhula, wa makutu aakulu amene ife tili ana tinkawaseka kuseri. Sanali mfumu, sanali mkulu wa mpingo, ndipo munda wawo sunali woti munthu n'kuima panjira kuusirira. Mukafunsa aliyense kwathu kuno, panjira ya ku Majaua, adzakuuzani ziwiri zokha: ankameta ndevu Loweruka lililonse pansi pa mtengo wa mango, ndiponso posankha lezala anali wotopetsa.

Munthu wamba akafuna lezala amafika pa okala, kuloza, kulipira, n'kumapita. Atsibweni ankabwera kamodzi pa mwezi, Lachisanu masana, atavala jekete lawo la khaki ngakhale dzuwa likuswa mtengo, n'kukhala pa benchi ngati munthu wodzafunsira mbeta. Ndinkawapatsa paketi yonse. Ankayamba ndi kununkhiza pepala, ati chinyontho chimamveka fungo chisanaoneke. Kenako ankafutukula kapepala kam'kati ndi zikhadabo, pang'onopang'ono, n'kulikweza lezalalo kudzuwa atatsinzina diso limodzi. Ankati lezala lakuthwadi m'mphepete mwake simuwala, ndipo ukaona kamzere konyezimira udziwe kuti labuntha lisanagwire ntchito. Akapeza kadontho ka dzimbiri, ngakhale kochepa ngati dzira la nsabwe, ankalikulunganso bwinobwino, kundibwezera, n'kutenga lina. Nthawi yonseyi amayi ofuna mchere ali chiimire, ine mtima ukuwira.

"Atsibweni, ndi lezalatu limenelo, si mkazi," ndinatero tsiku lina.

"Mkazi ukamusankha molakwa amangokulalatira, Tereza," anayankha osandiyang'ana n'komwe. "Ili limakhetsa magazi."

Amayi aja anaseka mpaka wina anakhala pansi. Atsibweni sanaseke nawo. Anali akulitembenuza lezalalo kufunafuna timanambala tating'ono tolembedwa pa chitsulocho, 1 mbali iyi, 2 mbali inayo. Chimene ankachifuna koposa zonse n'chimenecho. Lezala lopanda manambala, likhale lakuthwa chotani, kwa iwo linali lopanda ntchito.

Chifukwa chake chinali mng'ono wawo, a Dominiko. Awiriwa ali anyamata ankathyola tiyi ku esiteti kufupi ndi Vila ya Milange, m'masiku a Apwitikizi. Ndevu zitayamba kumera anasonkherana n'kugula chometera chimodzi chachitsulo, chija umapotokola mpini wake n'kuikamo lezala lakuthwa mbali zonse ziwiri. Nkhope zinali ziwiri, lezala limodzi, ndiye anagawana: mbali ya 1 ya wamkulu, mbali ya 2 ya wamng'ono. Poti lezala likalowa m'chometera manambala saonekanso, anakanda kamzere ndi msomali mbali imodzi ya chivundikiro chake, ndipo 1 ankayang'ana kukamzereko nthawi zonse.

Atakwatira, aliyense anakakhala kwa mkazi wake monga mwa mwambo wathu, koma chometeracho sichikanakhala kwa mmodzi wa iwo. Chinkagona m'mphako ya mtengo wa mango pakhomo pa mayi awo, agogo anga, chitakulungidwa m'kansanza kamafuta. Loweruka m'mawa ankakumana pamenepo, aliyense pa mwala wake, moyang'anizana. Wamkulu ankayamba, akamaliza n'kutsuka, kutembenuza chometeracho, kupatsira mng'ono wake. A Dominiko anali wamfupi, wachiphwete, wa ndevu zolimba ngati khonje. Ankalankhula ngakhale lezala lili pakhosi, ndipo mayi anga ankati pakamwa pa a Dominiko pankagwira ntchito ya anthu awiri, poti achimwene awo mawu ankawaumira.

Nkhondo itafika kwathu tinathawa m'mawa wina, mudzi wonse, mitolo pamutu, kulowera kumtsinje wa Ruo, kumalire ndi Malawi. Ine ndinali ndi mwana wa miyezi itatu kumbuyo. Tili m'mbali mwa mtsinje kudikira bwato, a Dominiko anatula katundu wawo, anauza akazi awo a Rozita kuti akubwera pompano, n'kuthamangira kumudzi. Palibe anadziwa chimene anakatenga. Tinawadikira mpaka mfuti zinamveka pafupi, ndipo tinawoloka. Sitinawaonenso, ndipo sipanapezeke munthu wonena kuti anawaona, amoyo kapena akufa.

Ku kampu ya ku Mulanje atsibweni sanamete ndevu ngakhale kamodzi. Zinakula mpaka pachifuwa, ana n'kumawathawa. Gulu latsopano la othawa likafika ankapita kukaima pamene anthu akulembetsa mayina, kuyang'ana nkhope imodziimodzi, osafunsa kanthu. Akazi awo anamwalira komweko. Ana awo awiri anakula, anakwatira ku Malawi konko, ndipo tsiku lobwerera kwathu anangotiperekeza mpaka pa lole.

Mtendere utabwera tinapeza mudzi utasanduka tchire. Nyumba zonse zinali zitapsa, nsenjere zitamera mpaka pamene panali zipinda zogona. Tinkayenda mondondozana, phazi pa phazi, kuopa mabomba okwiriridwa. Ena anathamangira kumanda, ena kukaona zitsime. Atsibweni analunjika ku mtengo wa mango uja, n'kupisa dzanja lonse m'mphako, ine ndikukuwa kuti mungakhale njoka. Anatulutsa kansanza kowola. M'kati mwake munali chometera chija, chitada bii ndi dzimbiri. Anakhala pa mwala wawo atachigwira, ndipo anakhalapo mpaka mthunzi unasuntha n'kuwasiya padzuwa.

Masiku atatu otsatira, anthu tonse tili kalikiliki kudula milimo yomangira nyumba ndi kumweta udzu, iwo anali kukwecha chitsulocho ndi phulusa, mchenga ndi mandimu. Mayi anga anawakalipira kuti mvula ikubwera ndipo chometera sichifolera nyumba. Iwo anangopitiriza kukwecha. Atamva kuti ndikuwoloka kukagula mchere, anandiitana n'kunena kuti ndiwagulire lezala, koma likhale la manambala. Loweruka lotsatira ndevu za ku kampu zija zinagwa, ndipo tinaona nkhope imene tinali titaiiwala, yaing'ono, yotuwa. Kanyumba kawo anakamanga pomaliza pa onse, pafupi ndi mtengowo, chitseko chikuyang'ana kunjira yochokera ku Ruo.

Kuyambira pamenepo sanaphonye Loweruka. Nyumba yanga ili pafupi, ndiye ndawaona akumeta nthawi zosawerengeka. Ankatenthetsa madzi m'kapoto, kuviika nsalu, n'kuifunda kunkhope nthawi yokwana kunena Atate Athu kawiri, ati ndevu zouma zili ngati munda wosagwa mvula, ungothyolapo khasu. Burashi yawo anaipanga okha ndi khonje, ndipo thovu ankalipukusa m'kapu yachitsulo ndi kachidutswa ka sopo wochapira. Kagalasi kosweka kankapachikidwa pa msomali pa mtengopo. Pometa ankatsata kumene ndevu zagonera, osakanikiza, poti ankati chometera chili ndi kulemera kwakekwake ndipo dzanja lingochilondolera njira. Anyamata atayamba kugula zometera zapulasitiki zotaya zija, iwo ankati ndi zidole, ndipo munthu wometa ndi chidole asadabwe akatuluka tizilonda m'khosi.

Akamaliza ankati, "Pronto," mawu a Chipwitikizi otanthauza kuti basi, zatha. Ankatsuka chometeracho, kuchitembenuza m'dzanja, n'kuchitambasulira ku mwala winawo, kanthawi kochepa chabe, ngati munthu woongola mkono. Wosadziwa sakanaona kanthu. Pa mwala umenewo sankalola munthu kukhalapo, ngakhale mlendo wotopa ankamutulutsira mpando. Mwezi ukatha, mbali ya 1 itabuntha, ankalichotsa lezalalo, kulidontheza mafuta ophikira, kulikulunga m'pepala lake, n'kuliika m'chitini cha mkaka chimene anabwera nacho kuchokera ku kampu. Mbali ya 2 inkalowa m'chitinimo isanakhudze tsitsi ndi limodzi lomwe.

Tinayambana kwambiri kamodzi, ndipo wolakwa ndinali ine. Malezala a manambalawo anali aukali. Khungu la atsibweni litayamba kukwinyika, Lamulungu lililonse ankalowa m'tchalitchi ali ndi timapepala tomata pachibwano, magazi ataumira pamenepo. Zinkandipweteka, komanso ndinene zoona, zinkandichititsa manyazi, poti aliyense ankadziwa kuti malezalawo amagula kwa ine. Ndiye ulendo wina ku Limbuli ndinasiya dala a manambala, n'kupikula mtundu wina wofatsa, umene akuluakulu ambiri ankautama.

"Atsibweni, nkhope yanu yakalamba," ndinatero atakhala pa benchi. "Aja akukusendani ngati chinangwa. Tayesani awa."

Analifutukula limodzi, kulikweza kudzuwa, kulitembenuza. "Manambala ali kuti?"

"Manambala sameta ndevu, atsibweni."

"Ndipo ndi lofewa ili," anatero. "Kwa ine lingathe. Koma ndevu za Dominiko silingazidule. Lizingomuzula, iye n'kumalira ngati mbuzi."

Apa m'pamene ndinamvetsa kuti zaka zonsezi ankadzicheka nkhope posankha lezala loyenera chibwano cha munthu wina. M'malo momva chisoni, ndinapsa mtima. Ndinafunsa mokweza, anthu akumva, kuti, "A Dominikowo ali kuti?"

Anandiyang'ana, nthawi yoyamba tsiku limenelo. Analikulunga lezala lija monga mwa masiku onse, analiika pa thebulo, n'kunyamuka. M'mawa mwake anabwereka njinga, munthu wa zaka zimenezo, n'kupalasa mpaka ku Vila kukagula a manambala. Anachita zimenezo miyezi itatu. Tikakumana panjira ankandipatsa moni waulemu ngati wa mlendo, ndipo moni umenewo unkandiwawa kuposa kutukwanidwa. Pomaliza ndinawoloka, ndinagula paketi ya manambala, n'kukaisiya pakhomo pawo iwo ali kumunda. Lachisanu lotsatira anabwera ndi paketiyo pa okala, anakhala pa benchi, n'kundibwezera atatu kuti ali ndi dzimbiri. Ndinadziwa kuti nkhani yatha.

Koma amene anavutika kwenikweni ndi kudikira kwa atsibweni sanali ine. Anali a Rozita, akazi a a Dominiko. Kwathu kuno mwamuna akamwalira, abale ake amameta mkaziyo tsitsi n'kumusudzula, ndiye kuti wamasuka, angathe kulira maliro n'kuyambanso moyo. Mabanja ena amene anthu awo anasowa pa nkhondo anachita zimenezi titangobwerera: anaitanitsa Misa, anametana, n'kupukuta misozi. Wamkulu wa banja la a Dominiko anali atsibweni, ndipo popanda iwo palibe akanagwira mutu wa a Rozita. Akuluakulu anapitako, katekisiti anapitako, onse ankabwerako ndi funso limodzi lomwelo, lakuti kodi mtembo anauona ndani. Zaka zisanu zinadutsa chibwerereni, a Rozita akulima okha, akufolera okha. Kenako mmisiri wina wa matabwa wa ku Molumbo, amene mkazi wake anamwalira, anatuma mawu.

Lachisanu lina a Rozita anafika pa okala n'kugula lezala, lililonse limene dzanja langa linagwira. Anandiuza kuti mawa ndiwaperekeze, ndikakhale mboni. Tinawapeza atsibweni pansi pa mango, tsaya limodzi atameta kale, linalo lili ndi thovu. A Rozita anagwada, anavula duku, n'kuika lezala lija pa mwala wa amuna awo. Tsitsi lawo linali litayamba imvi.

"Alamu, ndatopa," anatero. "Sindine mkazi wa munthu, sindine wamasiye. Kutchalitchi sindidziwa kuti ang'ono anu ndiwatchule pamodzi ndi amoyo kapena ndi akufa. Ndimangotseka pakamwa. Ndimeteni."

Atsibweni anatola lezalalo. Analifutukula n'kulikweza kudzuwa, diso limodzi chitsinzinire, ndipo ine pang'onong'ono ndikanakuwa. Munthu wagwada, akulira, inu mukuyeza lezala! Analiyang'ana nthawi yaitali kuposa masiku onse.

"Ili likuchekani mutu, alamu," anatero potsiriza, n'kuliika pambali.

Analowa m'nyumba. Ndinaganiza kuti basi, atikanira. Koma anatuluka ndi sizasi ndi lezala latsopano la manambala, limene anasungira mwezi wotsatira. Anachotsa lawo m'chometera n'kuikamo latsopanolo. Anayamba ndi sizasi, kudula tsitsi mpaka linafupika. Anatenthetsanso madzi, anawafunditsa a Rozita nsalu kumutu, anapukusa thovu lambiri, n'kuyamba kumeta kuchokera pamphumi, dzanja lamanzere litagwira mutuwo ngati wa khanda. Kunkangomveka lezala likudya tsitsi, ndi a Rozita akufwenthera.

Ine maso anali pa kamzere kaja. Mutu wonse si chibwano, ndipo atafika pakati lezala linayamba kukoka. Ndinaona a Rozita akukwinya nkhope. Ndinanong'oneza kuti, "Tembenuzani, atsibweni, mbali inayo ndi yatsopano." Anaima. Anayang'ana chometeracho m'dzanja lawo. Kenako anandiuza kuti ndithamange ku okala ndikatenge lina la manambala, ndipo asankha okha ndikabwera nayo paketi. Ndinathamanga, ine mayi wamkulu wa ana, n'kubwera wefuwefu. Anasankha, anaikamo, n'kumaliza mutuwo ndi mbali ya 1 ya lezala lachiwirilo. Sanawacheke ngakhale pamodzi.

"Pronto," anatero, akuwapukuta ndi nsalu. "Alamu, mwamasuka. Pitani mukakwatiwe. Wofuna kunena kanthu abwere kwa ine."

A Rozita analira maliro amene anawasunga chiwolokereni Ruo, mpaka amayi oyandikana nafe anatuluka m'nyumba kudzawathandiza kulira. Atatonthola anapukuta m'maso n'kutambasula manja, poti mwambo umati abale nawonso amete.

"Nanga inu, alamu?"

"Kwa inu wamwalira, ndavomera," anatero atsibweni. "Kwa ine wangochedwa."

Anabwezeramo lezala lawo lakale lija, ananyowetsanso thovu limene linali litauma pa tsaya, n'kupitiriza pamene analekezera. A Rozita anakwatiwa chaka chomwecho, ndipo atsibweni anawaperekeza mpaka pa minibasi atanyamula mtolo wawo wa mapoto.

Chimene a Dominiko anabwerera kumudzi ndinachidziwa mochedwa kwambiri. Maso a atsibweni anali atachita khungu moti manambala sankawaonanso, ndiye kumayambiriro a mwezi ndinkapita kukawawerengera n'kuwaikira lezala m'chometera. Ankandifunsa kawiri katatu ngati 1 wayang'anadi kukamzere. Tsiku lina ndikupotokola mpini, iwo nsalu yotentha ili kunkhope, analankhula kuchokera m'nsalumo.

"Tereza, anthu amati Dominiko anabwerera mbuzi. Ena amati anakwirira kanthu m'nyumba. Anabwerera chimene wagwiracho."

Ndinasiya kupotokola mpini uja.

"Loweruka lomaliza tisanathawe anamaliza kumeta ndi iye. Tili pamtsinje paja ndinakumbuka, n'kumuuza chapansipansi kuti, chometera chija wasiya. Basi. Sindinamutume. Koma ndinanena ndi nkhope imene iye ankaidziwa. Anaseka, n'kunena kuti, achimwene, musade nkhawa, simukalowa m'dziko la eni ndi ndevu. Ndiye anathamanga."

Anachotsa nsalu ija n'kuiviikanso, ngakhale madzi anali atazizira.

"Ndinachipeza m'mphako momwe anachisiya. Ndiye kuti pamtengo pano sanafike. Kumtsinje sanabwerere. Iwe unapitako kusukulu, tandiuza, munthu amene sanafike kumene amapita, ndipo sanabwerere kumene anachokera, ali kuti? Akadali panjira."

Ndinawapatsa chometeracho, ndinapita kuseri kwa nyumba yawo, n'kulira mokwiya. Ndinakwiyira kachitsulo kameneko, ndinakwiyira a Dominiko ndi kuseka kwawo, ndinakwiyira atsibweni amene anasenza mawu atatu okha zaka zonsezi osauzako munthu. Nditabwerera ndinawapeza akumeta, akupapasa ndi zala pamene galasi silinkawathandizanso, kamagazi kakutsika pachibwano. Nkhaniyo sanaitchulenso, inenso sindinaiuze munthu iwo ali moyo.

Anamwalira m'nyengo yozizira, Lachitatu masana, ndi chifuwa chimene anachikana kuti si matenda. Ana awo anabwera kuchokera ku Malawi, anaika maliro, n'kuyamba kufunsa za minibasi yobwerera. Masiku ano pometa maliro anthu amangodula katsitsi pamphumi kuti mwambo uoneke, ndipo tinkati tichite chimodzimodzi. Koma m'mawa wa tsiku lometa anatulukira a Rozita, atakalamba, akuyenda ndi ndodo, atachoka ku Molumbo dzulo lake. Asanamwe n'madzi omwe anafunsa kuti, "Chitini chija chili kuti?"

Ndinachitulutsa pansi pa bedi. Chinali cholemera, chodzaza mpaka pakamwa. Malezala a pansi anali atamatirirana ndi dzimbiri, koma a pamwamba anali bwinobwino, lililonse m'pepala lake, likununkha mafuta. A Rozita anatenga limodzi, anafunsa mdzukulu wawo kuti 2 ali mbali iti, n'kunena kuti, "Lero timeta maliro a anthu awiri."

Tinawawiritsa m'poto, aliyense lezala lake, ndipo tinametana pogwira ndi zala monga timachitira pa maliro, ndi mbali ya 2 yokhayokha. Inali yakuthwa ngati yochokera kusitolo dzulo. Atsibweni ankadziwadi kusankha. Ine anandimeta ndi a Rozita, mpala weniweni, ndipo katekisiti popemphera anatchula mayina onse awiri, Firimino ndi Dominiko, limodzi pambuyo pa linzake monga ankakhalira pa miyala paja. Sindikudziwa ngati atsibweni akanakondwa nazo. Mwina akanatikalipira kuti tamudyera mng'ono wawo mbali yake. Koma tsiku limenelo ndi limene ndinawalira a Dominiko koyamba.

Titamaliza, a Rozita anafunsa za chometera chenichenicho, kuti lezala lomaliza limene linatsala m'menemo nalonso ligwire ntchito. Ndinawanamiza kuti sindikuchiona.

Kanyumba ka atsibweni kanagwa ndi mvula ya chaka chino, ndipo chitseko chake anachitenga mphwanga kukaika pa khola. Mtengo wa mango ulipobe. Msomali wa galasi ulipo, wapindika, ndipo khungwa layamba kuumeza. Pamene ankataya madzi a sopo panali dazi lozungulira ngati lichero, lopanda udzu chibwerereni kuchokera ku kampu, koma tsopano kapinga akulowerera kuchokera m'mbali. Loweruka m'mawa pamakhala zii, kupatula nkhuku zanga zimene zimakonda kufukula pomwe panali moto wotenthetsera madzi.

Chometera chili m'mphako, m'kansanza katsopano. Lezala lili m'menemo ndinaliika ndine, Loweruka lawo lomaliza, 1 kuyang'ana kukamzere. Anameterako kamodzi kokha. Mwezi ukatha ndimapita ndi kabotolo ka mafuta n'kudonthezapo, ndipo musandifunse kuti ndikusungira yani, poti inenso ndimadzifunsa. Ndikatero ndimaima pang'ono, osakhala pansi, chifukwa pokhala palibe. Mwala wa a Dominiko unamera ndere kalekale. Wa atsibweni wayamba chaka chino.